Kuzizira Kumachokera Pansi

Mutu 6

1. Kushopu kwa malume

Lachitatu masana ataweruka kusukulu, Liwiro sanalunjike kunyumba. Anadzera kushopu kwa malume ake, kuseri kwa depoti ya mabasi. Dzina lakuti Liwiro anamupatsa ndi anzake ali Fomu 1, tsiku limene anasiya atsikana onse m'mbuyo pa mpikisano wothamanga. Tsopano anali Fomu 3, ndipo ngakhale aphunzitsi ankamuitana choncho.

Shopuyo inali kachipinda kamdima, konunkha guluu ndi mafuta a makina. Malume ankasoka matenti ndi zikwama zong'ambika. Kale, kwa zaka zambiri, ankanyamula katundu wa alendo okwera phiri. Anasiya msana utakana, ndipo tsopano ankayenda chowerama, dzanja lili m'chiuno.

Pakona panakhala Kanjiwa, mwana wawo yekhayo, akumata chigamba pachikwama. Anali msuweni wa Liwiro ndiponso mnzake wa m'kalasi. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono. Anali ndi mphumu chibadwire, ndipo kukazizira chifuwa chake chinkalira ngati njiwa. Dzinalo linachokera pamenepo.

"Malume, andisankha!" anatero Liwiro asanapereke n'komwe moni. "Ndine mtsogoleri wa gulu lathu. Tilipo atatu: ine, msuweni wangayu ndi Wayilesi. Tikwera phiri Loweruka, tikagona pamwamba, Lamulungu n'kutsika. Gulu loyamba kufika pamsasa ndi limene likaimire sukulu yathu ku mpikisano waukulu."

"Katundu akusankha ndani?" anafunsa malume, makina akulirabe.

"Ine."

Makina anaima.

"Khala pansi. Osati pampando, pasimenti pomwepo."

Liwiro anakhala. Malume anayambanso kusoka ngati amuiwala. Patapita kanthawi anafunsa kuti, "Ukumva chiyani?"

"Kuzizira, malume."

"Panja dzuwa likuswa mtengo. Kuzizirako kwachokera kuti?"

"Pansi."

"Wakhoza. Ndiye tsegula makutu, mphwanga, chifukwa sindibwereza. Ana inu mukamva za kuphiri mumathamangira bulangete ndi juzi. Zimenezo n'zabwino, koma zimangotchinga mphepo ya pamwamba. Mdani weniweni amakhala kunsi kwako. Nthaka ya kuphiri imayamwa kutentha kwa munthu ngati thonje likuyamwa madzi. Ungafunde mabulangete asanu, koma ngati chimene wayala n'chosathandiza, m'mawa udzadzuka ngati nkhuku ya mufiriji.

"Kusukulu kwanu kuli timatiresi ta siponji yolimba, tokulunga ngati mkeka. Ndikutidziwa, tina ndinamata ndine. N'tosaoneka bwino, ndipo ukakamangirira pachikwama umakhala ngati wosamuka. Koma sitimwa madzi, ndipo ngakhale minga ibaye, m'mawa kamakhala kali chimodzimodzi. Posankha, ukakanikize ndi chala. Chala chikafika pansi mosavuta, kasiye, katha ntchito. Kenaka ukayale pasimenti, uike kamwala kunsi, ugonepo. Ukakamva kamwalako m'nthiti, tenga kena. Uonenso kutalika, kuyambira kumutu mpaka chidendene. Phazi likatsalira pansi, thupi lonse limazizira.

"Siponji yofewa ya pabedi usayerekeze. Imeneyo ikakumana ndi mame imasanduka chithaphwi. Akakuonetsa opopa mpweya, uyambe wafunsa kuti anawapangira chiyani. Alipo enieni a kuphiri, okhala ndi zotenthetsa m'kati. Ndinkawaona kwa alendo. Koma ambiri ndi thumba la mpweya chabe. Mpweyawo ukazizira, ndiye kuti wagona pamwamba pa chisanu. Thumbalo likabooka, wagona pamwala.

"Chaka changa chachitatu kuphiri tinakwera ndi mnzanga wina, chimunthu chamsinkhu, wonyamula yekha katundu wa anthu awiri. Anaseka kasiponji kanga, n'kunena kuti mwamuna amagona pansi. M'mawa sankathanso kumanga zingwe za nsapato. Ankangomwetulira, mawu osamveka. Tinamutsitsa pamachira. Anachira, koma kuphiri sanabwererekonso, ndipo chifuwa chimene anatola tsiku limenelo n'chomwe chinadzamutenga."

"Bambo, mwayamba kale maliro ulendo usanayambike," anatero Kanjiwa uku akuseka.

Malume sanaseke. Analoza mwana wawoyo ndi lumo limene linali m'manja.

"Uyu ndinamukaniza. Walira masiku atatu. Ndalola chifukwa ukupita ndiwe, mphwanga. Ndilibe wina. Ukandibweretsere m'mene ndakupatsiramu."

"Musadandaule, malume. Titenga a siponji."

2. M'chipinda cha katundu

Lachisanu magulu onse asanu anakatenga katundu. Chipinda chake chinali kuseri kwa laibulale, ndipo ankachiyang'anira bambo wina wachikulire amene ana ankamutchula kuti a Makiyi, chifukwa cha chimtolo cha makiyi chimene chinkalira m'chiuno mwawo.

Gulu la Liwiro linalowa pomaliza. Anatenga tenti, tochi, kapoto ndi matumba ogonamo atatu. Kenaka a Makiyi analoza pashelefu ya pansi.

"Zoyala ndi izo."

Tinali timatiresi totuwa, ta zigamba, tina tolumidwa m'mphepete. Liwiro anasolola kamodzi n'kukakanikiza ndi chala. Kanali kolimba. Anakayala pasimenti, anagonapo, ndipo kanamukwanira mpaka chidendene.

"Iii, zimenezo?" anakuwa Wayilesi, mtsikana amene pakamwa pake sipankapuma. "Zikununkha mbewa! Tikamanga zimenezi kumsana tikhala ngati tikuthawa nkhondo. Anyamata atijambula, sabata yonse tikhala tikuyenda m'mafoni."

"Sizolemera," anatero Liwiro.

"Ndani wanena za kulemera? Taona kukula kwake. Paja unati tidzera njira ya m'nsungwi?"

Njira zololedwa zinali ziwiri. Yaikulu inkazungulira phiri. Yachidule inkadutsa m'nkhalango ya nsungwi zothithikana, momwe munthu amayenda chowerama. Ndi mtolo wopingasa kumsana, bwenzi akukodwa paliponse.

Wayilesi anali atatsegula kale katoni imene inali pakona. Anatulutsamo kanthu kabuluu, konyezimira, kopindidwa bwino, kakang'ono ngati buledi.

"Nanga awa? Opopa! Amalowa m'chikwama, palibe angaone."

"Amenewo anabwera ndi kholo lina limene linatseka malo ake osambira," anatero a Makiyi. "Ndi oyandamira pamadzi, ana kuseweretsa. Kuphiri sanapiteko ndi kamodzi komwe. Ndakhala pano zaka zambiri, ndipo palibe gulu limene linawatenga. Chikomekome cha mkuyu, ana inu. Ine ndangonena."

"Msuweni," anatero Kanjiwa motsitsa mawu, "paja bambo anati..."

"Bambo ako anakwera phiri kalekale, zinthu zabwino zisanabwere," anamudula Wayilesi. "Ndi usiku umodzi wokha. Kapena ukufuna tiluze chifukwa cha chifuwa chakocho?"

Kanjiwa anazyolika. Mawu amenewo anali atawamva moyo wake wonse: pa mpira, pa masewera, ngakhale pa ntchito yosesa.

"Ayi," anayankha. "Ine ndili bwino. Musandiganizire."

Liwiro anali atagwirabe kasiponji kaja.

"Bwanji titengeko kamodzi ka Kanjiwa?"

"Anyamula ndani?" anafunsa Wayilesi. "Iweyo, amene ukutsogolera njira?"

Panja panamveka phokoso la anyamata a Fomu 4, amene anapambana chaka chatha. Ankaimba kuti chaka chino atsikana akawapeza ataphika kale tiyi. Liwiro anamvetsera nyimboyo mpaka inatha. Kenaka anakulunga kasiponjiko n'kukabwezera pashelefu.

"Tipatseni opopawo atatu."

A Makiyi anapukusa mutu, natseka chitseko.

3. Pageti

Loweruka m'mawa kunacha ndi mitambo. Pageti ya sukulu panaima basi ya ana ndi kalole konyamula madzi ndi nkhuni. Makolo angapo anabwera kudzaperekeza.

Wotsogolera ulendo anali mphunzitsi wa Jogalafe, amene ana onse ankangomutchula kuti Madamu. Ndi iwo amene anayambitsa kalabu yokwera mapiri. Ndi iwonso amene anasankha Liwiro kukhala mtsogoleri, pamene aphunzitsi ena ankati ndi wopupuluma.

M'mawa umenewo Madamu anali ndi zambiri. Dalaivala anali atachedwa, mwana wina anaiwala nsapato, ndipo foni yawo inkangolira. Malamulo ankati atsegule chikwama chilichonse. Anatsegula za magulu anayi. Atafika pa gulu lachisanu, dalaivala analiza hutala.

"Liwiro, zonse zili m'malo? Zoyala mwatenga?"

"Tatenga, Madamu."

"Iwe ndiye sindikukayika. Kwerani."

Akupita kubasi, anaona malume akubwera chowerama, atanyamula kapepala. Munali botolo lina la mankhwala opopera m'kamwa a Kanjiwa. Anapatsa mwana wawo, namukonza kolala ya juzi. Kenaka maso awo anayenda pa zikwama za ana ena. Chilichonse chinali ndi mtolo wotuwa pamwamba. Zitatu zokha zinalibe.

"Mphwanga, matiresi anu ali kuti?"

Liwiro anayankha mofulumira.

"Ali mulole, malume. Madamu anati atsogole ndi katundu wina."

Kanjiwa anamuyang'ana, kenaka anayang'ana pansi.

"Chabwino," anatero malume. "Muyende bwino. Mukakumbuke kuvula masokosi onyowa musanagone."

Basi itanyamuka, Wayilesi anamugunda Liwiro ndi chigongono. "Koma ndiwe katswiri!" Liwiro anayang'ana pawindo mpaka malume anabisika ndi fumbi.

4. Oyamba kufika

Njira ya m'nsungwi inawayendera bwino. Zikwama zawo sizinakodwe paliponse. Gulu lina limene linayesa kuwatsatira linabwerera, mitolo itakodwa m'nthambi. Kanjiwa anapumula kanayi, anapopera mankhwala kawiri, koma sanadandaule.

Cha m'ma 3 koloko anatulukira pamsasa. Anali malo a miyala ndi udzu waufupi, opanda mtengo. Anapeza Madamu okha ndi mlonda wa nkhalango, amene anatsogola kudzera njira ya ogwira ntchito.

"Oyamba!" anakuwa Madamu, nawakumbatira onse atatu. "Ndinadziwa ine!"

Anyamata a Fomu 4 anafika patapita nthawi, ali wefuwefu, n'kupeza atsikana ataphika kale tiyi. Wayilesi anawaimbira nyimbo yawo yomwe ija. Aliyense anaseka, ndipo Kanjiwa anaseka mpaka kutsokomola.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Dzuwa lisanalowe kunabwera chifunga, kenaka mvula yowaza, yozizira ngati singano. Moto unazima. Madamu analamula kuti aliyense adye msanga n'kulowa m'tenti.

Atsikana atatuwo anatseka zipi ya tenti yawo asanatulutse matiresi awo, kuti ena asaone. Pampu panalibe. Anafunika kuuzira ndi pakamwa. Kanjiwa anayesa katatu, mutu unamuzungulira. Liwiro anamulanda n'kuuzira onse awiri.

"Mwaona kufewa kwake?" anatero Wayilesi akudzigwetsa pa ake. "Ngati kuhotela!"

Poyamba zinalidi choncho. Koma posakhalitsa Liwiro anamva msana wake ukuzizira, ngati wina wamuthira madzi. Anatembenukira chammbali, nthiti zinazizira. Anavala juzi yachiwiri, sizinathandize. Kumtunda kunali bwino ndithu. Kuzizira konse kunkachokera kunsi. Wayilesi, kwa nthawi yoyamba chikhalire, anali duu, mano okha akugundana.

"Msuweni, uli bwanji?" ananong'ona Liwiro.

"Ndili bwino. Gona."

Tenti ya Madamu inali pafupi, masitepe khumi okha. Liwiro akanatha kupita kukanena zoona, ndipo Madamu akanapeza chochita. Anagwira zipi. Kenaka anaganiza za nkhope ya Madamu, za anyamata aja, ndi za malo oyamba amene akanawalanda. Anasiya zipiyo, nadzipinda ngati mwana wa mphaka. Kutopa kunamugonjetsa, tulo tinamutenga.

5. Kutacha

Chimene chinamudzutsa chinali kulira kwa chifuwa. Sikunali kulira kwa njiwa kumene anakuzolowera. Kunali ngati munthu akucheka thabwa lonyowa.

Kunja kunali kutayamba kuyera. Matiresi a Kanjiwa anali ataphwa, ali pepepe ngati pepala. Kamwala kakuthwa kanaboola nsalu ya pansi pa tenti n'kufika mpaka pamatiresiwo. Madzi a mvula anali atalowa, ndipo thumba lake logonamo linali litanyowa mbali yonse ya kumsana.

"Kanjiwa! Aphwa nthawi yanji?"

"Kale," anayankha movutikira. Milomo yake inali yotuwa. "Sindinafune... kukudzutsa. Unatopa."

Botolo la mankhwala linali m'dzanja lake, koma zala zinkakanika kulikanikiza.

Liwiro anatuluka wopanda nsapato. "Madamu! Madamu, bwerani!"

Madamu analowa m'tenti chokwawa. Anagwira chipumi cha Kanjiwa, kenaka manja. Ndiyeno anaona chinthu chabuluu chimene mwanayo anagonera. Anachikweza ndi zala ziwiri. Pakona pake panali chithunzi cha kansomba kakuseka.

Anayang'ana Liwiro. Sanakalipe, sanafunse. Anangotembenuka n'kuyamba kulamula.

"Anyamata, bweretsani masiponji anu atatu, muwasanjikize! Iwe, yatsa kasitovu, uwiritse madzi. Wayilesi, leka kulira, muvule juzi yonyowayo. Liwiro, khala kumbuyo kwake, umukumbatire, umupatse kutentha kwako."

Anamukhazika tsonga, namupopera mankhwala. Mpweya unabwerera pang'ono, koma thupi linayamba kutentha, ndipo akatsokomola ankagwira m'nthiti.

"Uyu sangayende," anatero mlonda wa nkhalango. "Ndipo foni pano sigwira. Timutsitse."

Anadula mitengo iwiri kumunsi kwa msasa, anamangapo nsalu ya tenti, nayalapo masiponji aja. Anyamata a Fomu 4, omwe aja ankaimba, ndi amene ananyamula, akusinthana awiriawiri. Njira ya m'nsungwi inali yosatheka ndi machira. Anadzera yaikulu, yoterera ndi matope.

Liwiro ananyamula zikwama ziwiri, chake ndi cha Kanjiwa. Ankayenda pambali pa machira. Palibe amene anamulankhula. Panjira Wayilesi anamuyandikira.

"Ukafunsidwa, paja wosankha unali iwe. Ine ndinangopereka maganizo."

Anatsika phirilo maola asanu. Dzulo lake analikwera maola atatu.

6. Pakhonde la chipatala

Adokotala anati ndi chibayo, ndipo chadzutsa mphumu. Anamuika pa makina othandiza kupuma. Anati masiku awiri oyamba ndi amene adzaonetse komwe zikulowera.

Liwiro anakhala pabenchi ya pakhonde, miyendo ili matope okhaokha. Madamu anakhala kumapeto kwa benchi yomweyo, atagwira mutu. Mayi a Liwiro anafika ndi fulasiki ya tiyi, koma palibe anamwa.

Malume analowa m'wodi, nakhalamo nthawi yaitali. Potuluka anaoneka okalamba kuposa m'mene analili dzulo. Anafika pamene panali Liwiro, naika dzanja paphewa pake.

"Ndamva kuti ndiwe unamudzutsira anthu, n'kunyamulanso chikwama chake. Zikomo, mphwanga."

Kenaka anatembenukira kwa Madamu. Mawu awo sanakwere.

"Aphunzitsi, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma phiri ndimalidziwa. Ndatsogolera anthu kumeneko zaka zambiri, ndipo sindinalole munthu kukwera ndisanaone ndi maso anga chimene akagonere. Mwana ndi mwana. Akhoza kuiwala, akhoza kutengeka. N'chifukwa chake pamakhala wamkulu. Anyamata amene anamunyamula andiuza kuti mwana wanga anagona pa choseweretsa cha m'madzi. Mphwangayu anandiuza pageti kuti masiponji awo ali mulole, kuti munalamula ndinu. Ndiye ndiuzeni, anathera kuti? Munawaiwala mulolemo, n'kupatsa ana zidole?"

Madamu anadzutsa mutu. Maso awo anakumana ndi a Liwiro. Anadikira.

Liwiro anatsegula pakamwa. Dzanja la malume linali likadali paphewa pake, lolemera, lofunda. Mawu sanatuluke.

"Zikwama zawo sindinatsegule, bambo," anatero Madamu pomaliza. "Imeneyo inali ntchito yanga. Pepani."

"Pepani sapumitsa mwana," anayankha malume. "Mawa ndikaonana ndi ahedi. Munthu wotere asadzatengenso ana a eni kupita nawo kuphiri."

Anabwerera m'wodi. Madamu ananyamuka, anatenga chikwama chawo, nadutsa pamaso pa Liwiro osamuyang'ana.

7. Lolemba

Liwiro ndi mayi ake anabwerera kunyumba pa minibasi. Atafika, mayi anatenthetsa madzi, nakhazika Liwiro pampando, n'kuyamba kumutsuka matope a m'miyendo ngati mwana wamng'ono.

"Ndinakubereka ndine," anatero akutikita chidendene. "Ukamanama, khutu lako lamanzere limafiira. Lakhala lofiira kuyambira kuchipatala."

Liwiro anayamba kulira. Ananena zonse: za a Makiyi, za kasiponji kamene anabwezera pashelefu, za pageti, za zipi imene anaigwira n'kuisiya.

Mayi anamvetsera mpaka kumapeto. Anafinya kansalu, nakayanika pamphepete pa beseni.

"Tamvera, mwana wanga. Kusankha molakwa, aliyense amasankha. Ine ndinasankhapo molakwa zinthu zazikulu kuposa matiresi. Chikanakhala chokhacho, bwenzi ndikukuuza kuti pukuta misozi, waphunzira. Koma iwe unaphimba cholakwa ndi bodza, ndipo bodza lili ngati denga lodontha: madzi sagwera amene anafolera, amagwera amene wagona pansi pake. Dzulo agwera msuweni wako. Lero agwera aphunzitsi ako. Mayi amene uja ali ndi ana akenso, ndipo ntchito imeneyo ndi imene amadyera. Wakhala chete pamaso pa achimwene kuti akuteteze, iwe n'kumulola.

"Ine sindikanena. Ndikanena ine, achimwene adzamva kuti ndawapepesera mwana, ndipo iwe udzakhala wobisala kumbuyo kwanga mpaka kukula. Usaganizenso kuti ukaulula adzakuombera m'manja. Achimwene ndimawadziwa. Akhoza osadzakulankhulanso chaka chathunthu, mwina kuposa. Ngati Kanjiwa sadzuka pabedi paja, sindikudziwa ngati adzakukhululukire n'komwe. Zimenezo sindingakulonjeze. Chimene ndikudziwa n'chakuti mlandu suwola. Ukausiya lero udzaupeza mawa utakula."

Lolemba kusukulu kunali zii. Pabolodi la zidziwitso panali pepala lakuti kalabu yokwera mapiri yaimitsidwa. Dzina la gulu lopambana silinalembedwe paliponse. Wayilesi anasamukira pa desiki ina. Mpando wa Kanjiwa unali wopanda munthu.

Nthawi ya Jogalafe Madamu sanabwere. M'malo mwake munalowa mlembi wa sukulu.

"Liwiro, akukufuna ku ofesi ya ahedi."

Khonde lopita ku ofesiyo linali lalifupi, koma mtsikana wothamanga kuposa onse pasukulupo analiyenda ngati nkhalamba. Pakhomo anakumana ndi a Makiyi atakhala pabenchi, chipewa chili pabondo.

"Inenso andiitana," anatero osamuyang'ana. "Akuti ndilowe iwe ukatuluka. Ine ndakalamba, mwana iwe, kunama sinditha."

Chitseko chinatseguka. M'katimo munali ahedi, ndi bambo wina wa tayi wochokera ku ofesi ya maphunziro, atatsegula kope. Madamu anakhala pafupi ndi windo, manja ali pamiyendo. Mbali inayo kunali malume, maso ali ofiira chifukwa chosagona.

"Lowa, utseke chitseko," anatero ahedi. "Usaope, wolakwa si iwe. Malume ako akuti ndiwe mboni yawo."

Malume anamukokera mpando pafupi ndi iwo.

"Khala apa, mphwanga. Uwauze akuluakuluwa zimene unandiuza pageti paja."

Bambo wa tayi uja anatsegula cholembera, nayang'ana Liwiro.